Turlough O'Carolan: nyimbo zake tiziyimba bwanji pa zoyimbira za masiku ano?

NaBanda_Gitala:
Moni nonse akuluakulu. Ndikufunsa za nyimbo za Turlough O'Carolan, woyimba zeze (harp) wa ku Ireland uja. Manotsi a Sí Bheag Sí Mhór ndi Fanny Power ndi osavuta kuwerenga, koma pa gitala nyimbozi zimakonda kutuluka zolemera, zokwawa, pamene akatswiri akaziyimba zimamveka zopepuka ngati munthu akulankhula. Vuto limakhala pati: liwiro, makodi kapena kachunidwe? Komanso munthuyu timuike mbali iti, poti ena amati ndi wa zachikhalidwe, ena amati ndi wa classical?

Aphunzitsi_Mbewe:
Mayi NaBanda, mafunso anu awiriwo yankho lake lili pamodzi, ndiye tiyambe ndi mwiniwakeyo.

Anabadwa mu 1670 kufupi ndi Nobber, m'boma la Meath. Ali ndi zaka pafupifupi 14 banja lawo linasamukira ku Roscommon, kumene bambo ake anapeza ntchito ku banja la MacDermott Roe. Mayi wa pakhomopo, Mary MacDermott Roe, anamukonda mnyamatayo ndipo anamuphunzitsa sukulu. Ali ndi zaka 18 anadwala nthomba, inamusiya wosaona. Masiku amenewo zeze ndiye inali ntchito imene munthu wosaona akanadyera, choncho mayi aja anamupereka kwa woyimba zeze kwa zaka 3. Atakwana zaka 21 anamupatsa hatchi, ndalama ndi munthu womutsogolera, n'kuyamba ulendo umene anauyenda zaka zoposa 45.

Taonani chaka chimene ananyamukacho: cha m'ma 1691, chaka cha nkhondo ya ku Aughrim ndi pangano la ku Limerick. Mabanja akale a Chikatolika anali atagonja, minda yawo yambiri ikupita kwa eni atsopano a Chipulotesitanti, amene makutu awo anali ku nyimbo za ku Italy zimene zinkamveka ku Dublin, za Corelli ndi anzake. O'Carolan ankagona ndi kudya m'nyumba za mbali zonse ziwiri. Ndiye musadabwe kuti m'nyimbo imodzi mumamva mafupa a nyimbo zakale za azeze, koma kayendedwe ka manotsi n'kokhala ngati ka vayolini wa ku Italy.

Chinanso: zeze anayamba mochedwa, zala zitalimba kale, ndipo oyimba amene anabwera pambuyo pake ankanena poyera kuti pa kayimbidwe sanali patsogolo. Mphamvu yake inali kupeka. Nkhani imene imanenedwa ndi yoti George Reynolds wa ku Leitrim, mmodzi mwa oyamba kumulandira, ndiye anamulangiza kuti ayese kupeka, n'kumupatsa nthano ya nkhondo ya mizimu ya pa mapiri awiri a m'deralo. Kumeneko ndiye kunachokera Sí Bheag Sí Mhór.

Nsambo30:
Aphunzitsi ayala bwino. Ine ndilowe pa chida chenichenicho, chifukwa kulemera kumene a NaBanda akunena kumayambira pamenepo.

Zeze wa O'Carolan si uja mumaona lero pa makonsati. Bokosi lake la mawu linkagobedwa pa chipika chimodzi, kawirikawiri cha mtengo wa willow, n'kutsekedwa kumbuyo ndi thabwa. Nsambo zinali mawaya a mkuwa, pafupifupi 30 kapena kupitirira pang'ono. Zeze wa Downhill, wopangidwa mu 1702 ndi Cormac O'Kelly, ali ndi nsambo 30, ndipo ndi wa nthawi yomweyo. Ankamutsamiritsa pa phewa lamanzere: dzanja lamanzere limayimba manotsi apamwamba, lamanja besi. Ndipo ankakhwacha ndi zikhadabo.

Waya wa mkuwa ukaukhwacha ndi chikhadabo umalira ngati belu, ndipo suleka msanga. Ukayimba manotsi anayi otsatana osatseka, onse anayi amalirira pamodzi n'kukhala phokoso. Choncho theka la luso linali kutseka: chala chimene changokhwacha chimabwerera pa nsambo yake n'kuigwira ndi mnofu pa nthawi imene chala china chikukhwacha yotsatira. Woyimba amasankha manotsi oti apitirize kulira ndi oti afe. Amene munaonapo woyimba bangwe akugwira mawaya ena ndi dzanja lamanzere kuti alire okhawo akuwafuna, ganizo lake ndi lomwelo.

Tanthauzo lake kwa inu a gitala ndi ili: pa chida chotere simungaunjike makodi a manotsi asanu pa kugunda kulikonse. Besi inali yochepa, notsi imodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri kungobwereza notsi ya chuni pa okitevu yapansi. Mgwirizano wa mawu unkachokera ku manotsi a chuni amene asiyidwa akulira. Mukaika besi, kodi, kodi pa bar iliyonse, mwaisandutsa waltz, gule amene anafala O'Carolan atamwalira kalekale.

NaBanda_Gitala:
Zikomo akuluakulu. Ndiye pa gitala ndichotse chiyani, ndisiye chiyani? Mundipatse ndondomeko yake pa Sí Bheag Sí Mhór.

Achimwene_a_Galway:
Achemwali, yesani motere.

Tsitsani waya wa nambala 6 kuchoka pa E kufika pa D, enawo asiyeni. Nyimboyi ambiri amaiyimba mu kiyi ya D, mu 3/4, zigawo ziwiri za ma bar 16 chilichonse. Sabata yoyamba yimbani chuni chokha, popanda besi ngakhale imodzi, mpaka muzitha kuchiyimba ndi pakamwa muli kuchita zina. Mukamayimba ndi pakamwa, ikani chizindikiro pa pepala paliponse pamene mwapuma mpweya. Mudzapeza kuti mumapuma pakatha ma bar anayi kapena asanu ndi atatu. Pamenepo gitalanso azipuma.

Kenako ikani besi ndi chala chachikulu, notsi imodzi yokha pa kugunda koyamba kwa bar: D, G, A kapena B. Pa kugunda kwachiwiri ndi kwachitatu musaikepo kanthu pansi. Pamene chuni chagwira notsi yaitali, ndi pamene mungayendetse besi masitepe awiri, monga D kupita ku C# kupita ku B.

Zimene zimawonongeka kawirikawiri ndi ziwiri. Choyamba, D wapansi uja amalira nthawi yaitali, ndiye mukasamukira pa A iye akadali kulira, pansi pamachita matope. Mutsekeni ndi m'mbali mwa chala chachikulu pa nthawi yomwe mukukhwacha A. Chachiwiri, chuni chimamira chifukwa chala chachikulu n'champhamvu kuposa zinazo. Dzijambuleni pa foni, mumvetsere: ngati besi ndi imene ikuyamba kufika m'khutu, ichepetseni ndi theka.

Pa liwiro, yambani ndi metronome, kachipangizo kowerengera kugunda, pa 80, koma cholinga chikhale cha m'ma 110 mpaka 120. Pansi pa 90 mzere wa nyimbo umaduka, munthu sangauyimbe ndi mpweya umodzi.

Chitoliro_D:
Bwanji osangowauza kachunidwe ka DADGAD? Ndi imene oyimba gitala ambiri a nyimbo za ku Ireland amagwiritsa. Waya 6 pa D, waya 2 kuchoka pa B kufika pa A, waya 1 kuchoka pa E kufika pa D. Mawaya osagwira amalira okha, ndipo kulirako kumayandikira zimene a Nsambo30 afotokoza.

Achimwene_a_Galway:
Pa kulira kwa mawaya osagwira mukunena zoona, ndipo pa Eleanor Plunkett kapena nyimbo zina zodekha DADGAD imakoma kwambiri, makamaka mukagawa manotsi otsatana pa mawaya osiyana kuti alowerane. Koma ili ndi msampha. Imakukokerani ku D ndi A zongolira osasintha, zimene zimayenera ma reel ndi ma jig, nyimbo zovinira za ku Ireland. Nyimbo za O'Carolan zambiri besi yake imafuna kuyenda, chifukwa chuni chenichenicho chimasamuka, nthawi zina mpaka kukafika ku kiyi ina n'kubwerera. Munthu amene zala zake zinazolowera kachunidwe wamba ayambe ndi kutsitsa waya umodzi. Akamva kale kumene besi ikupita, asamukire ku DADGAD ngati akufuna.

Mai_a_Kwaya:
Ndiwonjezepo chimene chimaiwalika: zambiri mwa nyimbozi zinali ndi mawu. O'Carolan ankapeka chuni ali m'njira kupita kunyumba ya womulandira, kenako n'kuikamo ndakatulo ya Chiairishi yotamanda mwini nyumba, mkazi wake kapena mwana wake. N'chifukwa chake mitu yake ndi mayina a anthu. Fanny Power anali mwana wamkazi wa David ndi Elizabeth Power a ku Coorheen, kufupi ndi Loughrea m'boma la Galway. Planxty Irwin ndi ya Colonel John Irwin wa ku Sligo. Nyimbo imene timaitcha Carolan's Concerto ili ndi dzina lina, Mrs Power, mayi ake a Fanny yemweyo.

Fanny Power ili mu 6/8, kiyi ya G. Cholakwika chachikulu ndi kuwerenga zisanu ndi chimodzi mofanana, 1-2-3-4-5-6, zonse zolemera chimodzimodzi. Muziwerenga ziwiri zokha pa bar, chilichonse chogawika patatu, ndipo phazi ligunde kawiri. Metronome ikhale pa 50 poyamba, kugunda kumodzi kuimira manotsi atatu, kenako kwerani mpaka 60 kapena 66. Mukapitirira kwambiri isanduka jig yovinira, ulemu wa nyimbo yotamanda mtsikana uthawa. Mukatsika kwambiri isanduka waltz ija.

Kwa a kwaya amene amawerenga solofa: chuni chimayamba pa so wapansi kukwera ku do. So ameneyo ndi wopepuka, wongonyamulira. Kulemera kuli pa do. Ambiri amamenya so, ndipo nyimbo yonse imapendekeka kuyambira pomwepo.

Chitoliro_D:
Kwa amene ali ndi chitoliro cha tin whistle cha D, Sí Bheag Sí Mhór, Fanny Power ndi Planxty Irwin zonse zimakwana bwino. Sí Bheag Sí Mhór imatsika mpaka D wapansi n'kukwera mpaka B wa okitevu yachiwiri, ndiye chigawo chachiwiri chimafuna mpweya wolimba. B ameneyo akalira mokuwa, vuto si chitoliro, ndi kuuzira mwadzidzidzi. Yambani kuwonjezera mpweya notsi imodzi musanafike.

Fanny Power ndi Planxty Irwin zili mu G, ndiye mufunika C wamba. Tsegulani bowo lapamwamba, tsekani lachiwiri ndi lachitatu, atatu apansi akhale otsegula. Mabowo onse otsegula ndi C#. Zitoliro zina C wake amakwera pang'ono ndi kagwiridwe kameneka. Zikatero tsekaninso bowo limodzi kapena awiri mwa apansiwo, muyese ndi tuner.

Ndipo musadzaze ma roll ndi ma cut, timanotsi tokometsera, monga mu reel. Kamodzi kapena kawiri pa mzere, pa notsi yaitali, basi.

NaBanda_Gitala:
Funso lina. Mabuku awiri amalemba nyimbo imodzi mosiyana, ena mpaka kiyi ndi manotsi. Olondola ndi ati?

Aphunzitsi_Mbewe:
Apa m'pamene pali nkhani yaikulu. O'Carolan sanalembe notsi ngakhale imodzi. Zonse zinadutsa m'makutu ndi m'manja mwa anthu ena.

Zina zinasindikizidwa iye ali moyo, m'buku la John ndi William Neal ku Dublin mu 1724, koma bukulo linali la oyimba vayolini ndi zitoliro. Zambiri zinapulumuka chifukwa cha msonkhano wa oyimba zeze ku Belfast mu 1792, zaka 54 iye atamwalira. Kunabwera oyimba khumi a ku Ireland ndi mmodzi wa ku Wales, ambiri okalamba, angapo osaona. Mnyamata wa zaka 19 woyimba limba la m'tchalitchi, Edward Bunting, anapatsidwa ntchito yolemba zimene ankayimba. Ntchito yake ndi yamtengo wapatali, koma posindikiza mabuku ake atatu, lomaliza mu 1840, anazikonzera piyano: anasintha makiyi, anaika makodi ndi manotsi amene zeze wa mawaya sakanatha kuyimba. Zolemba zake za pamanja, zimene zimasungidwa ku Queen's University ku Belfast, zili pafupi ndi zimene anamva kuposa zosindikizidwazo.

Zina zinatoledwa m'zaka za m'ma 1800 kwa oyimba vayolini ndi ma pipes (zitoliro za thumba la mpweya), zitasintha kale kuti zikwane pa zida zawo. Mu 1958 Donal O'Sullivan anasonkhanitsa nyimbo 213, n'kupatsa iliyonse nambala ndi mbiri ya mwini dzina. Manambala amenewo ndi amene anthu amagwiritsabe. Koma ngakhale m'menemo muli zina zimene akatswiri amakayikira ngati zilidi zake.

Ndiye langizo langa: sankhani cholembedwa chimene chili ndi chuni chokha, chopanda makodi a munthu wina. Mukaona makodi ambiri pamwamba, dziwani kuti ndi a wokonza buku.

Nsambo30:
Chitsanzo chabwino cha zimene aphunzitsi akunena ndi Carolan's Draught. Ili mu G, koma m'chigawo choyamba muli C wamba ndi C# pa okitevu imodzi. Zeze wakale analibe ma lever, tizitsulo tokweza notsi ya nsambo ndi theka la sitepe. Nsambo iliyonse notsi imodzi, ndipo kusintha kumene ankachita kawirikawiri kunali kutsitsa F# kukhala F pakati pa nyimbo ziwiri. Ndiye woyimba zeze wa mawaya amayenera kulumpha C# ameneyo kapena kuika notsi yoyandikana nayo, monga E kapena A, ndipo nyimbo siwonongeka.

Pa zeze wa masiku ano, wa nsambo 34 za nayiloni kapena za matumbo, mumakweza lever ya C ndi dzanja lamanzere. Konzani besi kuti bar ya patsogolo pake dzanjalo likhale lopanda ntchito, apo ayi mudzachedwa. Ndipo kumbukirani kuibweza musanabwereze chigawocho, chifukwa bar yoyamba yomweyo ikufuna C wamba. Ambiri amagwa pamenepo. Zeze wotereyu amachokera ku amene John Egan anayamba kupanga ku Dublin cha m'ma 1820. Amatsamira pa phewa lamanja, amayimbidwa ndi mnofu wa zala, ndipo ambiri amamuchuna mu E flat ma lever onse ali pansi. Kuti mufike ku G kuchokera pamenepo mumakweza A, E, B ndi F. Kuti mufike ku D mumawonjezera C.

Mai_a_Kwaya:
A Nsambo30, fotokozaninso kachunidwe ka zeze wa mawaya. Ndi kamene kamasokoneza anthu akaona nsambo ziwiri zolira chimodzimodzi n'kuganiza kuti wopanga analakwitsa.

Nsambo30:
Amayi, zimenezo n'zadala. Pakati pa zeze pali nsambo ziwiri zoyandikana, zonse pa G wa pansi pa middle C. Bunting analemba kuti oyimba onse a ku Belfast ankachuna motero. Kuchuna kumayambira pamenepo. Linganizani ziwirizo mpaka kunjenjemera kwa mawu kuthe. Kenako G wa okitevu yapamwamba. Kenako yendani ndi ma fifth, kulumphira ku notsi yachisanu: G ku D, D ku A, A ku E, E ku B, B ku F#, mukutsika ndi okitevu pamene mwakwera kwambiri. C mumamupeza kuchokera ku G. Pakatipo pakakhala bwino, zotsalazo ndi ma okitevu, kukwera ndi kutsika.

Mkuwa sutamuka ngati nayiloni. Kupotoza kiyi pang'ono chabe kumasuntha notsi kwambiri, ndipo mukapitirira waya amaduka. Nthawi zonse yambani mwatsitsa pang'ono, kenako kwerani mukukhwacha, kuti mutsimikize kuti kiyi ili pa pini yolondola. Mawaya ambiri amaduka chifukwa munthu akupotoza pini ina akumvetsera nsambo ina.

Kukula kwa waya kumayambira pafupifupi 0.4 mm pamwamba kufika 1 mm kapena kupitirira ku besi, koma tsatirani tchati cha amene anapanga zezeyo. Waya wonenepa kuposa muyeso amakoka bokosi, ndipo limang'aluka. Poika watsopano, kumapeto kwake mumamanga pa kamtengo kakang'ono kamene kamakhala mkati mwa bokosi, waya n'kutulukira pa bowo lake kupita ku pini. Azungulire pa pini katatu kapena kanayi, mosakwerana. Waya akapindika pena pake pomuika, mutayeni, adzadukira pomwepo. Mukwezeni pang'onopang'ono, osati ulendo umodzi.

Zikhadabo zitalike 2 mm kapena 3 mm kupitirira nsonga ya chala, zopalidwa mosalala. Zikatalika kwambiri mnofu sufika pa waya, ndiye simungatseke.

Chitoliro_D:
Nanga ija nkhani yoti O'Carolan anapikisana ndi Geminiani, woyimba vayolini wa ku Italy, n'kupeka Concerto pomwepo?

Aphunzitsi_Mbewe:
Francesco Geminiani anakhaladi ku Dublin m'zaka za m'ma 1730, koma nkhani ya mpikisanoyo inalembedwa O'Carolan atamwalira, ndipo imanenedwa mosiyanasiyana. Itengeni ngati nthano yosonyeza mmene anthu ankamuonera. Chimene chili choona chili m'manotsi momwemo: Concerto ili ndi tizidutswa tobwerezedwa sitepe ndi sitepe kutsika, monga mmene a ku Italy ankachitira. Si onse anazikonda. Denis Hempson, amene anabadwa mu 1695 ndipo ndi yekhayo ku Belfast ankayimbabe ndi zikhadabo zazitali, ankakonda nyimbo zakale kwambiri, za O'Carolan ankaziona ngati zachilendo.

Poti tafika pa moyo wake, nditsirize. Anakwatira Mary Maguire wa ku Fermanagh, anakhala kufupi ndi Mohill ku Leitrim, ndipo anabereka ana 7, aakazi 6 ndi wamwamuna mmodzi. Mkazi wake anamwalira mu 1733. Atayamba kudwala anabwerera ku Alderford, kwa mayi MacDermott Roe omwe aja, ndipo anamwalira komweko pa 25 Malichi 1738. Anaikidwa ku Kilronan, ndipo maliro ake anthu anagona masiku anayi. Mwambo wa zeze wa mawaya unazilala m'zaka za m'ma 1800. Nyimbo zake zinabwereranso m'makutu a anthu ambiri m'ma 1960 kudzera mwa Seán Ó Riada ndi gulu lake la Ceoltóirí Chualann, mmene iye ankayimba harpsichord, chida chonga piyano chokhwacha mawaya, pofuna mawu oyandikira a zeze wa mawaya, kenako gulu la The Chieftains ndi woyimba zeze wawo Derek Bell.

Achimwene_a_Galway:
Amene muli ku Ireland kuno ndipo mukufuna kumva ndi makutu anu, ku Keadue m'boma la Roscommon, pafupi ndi manda ake, kumachitika chikondwerero cha zeze cha dzina lake chaka ndi chaka kuyambira 1978, chakumayambiriro kwa Ogasiti. Ku Clonalis House, kufupi ndi Castlerea, kuli zeze amene amati anali wake. Pa intaneti funani Siobhán Armstrong kapena Ann Heymann kuti mumve wa mawaya. Mvetserani makamaka pamene notsi ikuthera, chifukwa ndi chimene muyenera kutengera pa gitala.

NaBanda_Gitala:
Zikomo kwambiri nonse. Ndikamaliza ziwirizi, yotsatira ikhale iti? Concerto?

Mai_a_Kwaya:
Ayi, Concerto idikire kaye, manotsi ake othamanga amabisa kutseka kosalongosoka. Tengani Planxty Irwin, kenako Eleanor Plunkett. Planxty Irwin imayamba ndi kutsika kuchokera ku do wapamwamba, ndiye ikuphunzitsani kutseka notsi iliyonse yotsatira isanalire. Mabuku ena anailemba mu 3/4, ena mu 6/8. Tengani ya 6/8 muwerenge ziwiri pa bar monga Fanny Power. Eleanor Plunkett zigawo zake si zofanana kutalika, chachiwiri n'chachitali kuposa choyamba, ndiye musawerenge ma bar mwachizolowezi. Ikani capo pamene chuni chikugwirizana ndi mawu anu, muiyimbe ndi pakamwa kaye, kenako gitala atsatire.